Akana chilolezo cha mwamuna kapena mkazi wanu wakunja: khoti lingachitepo chiyani?

Ku Sadzi, ngati m'madera ena a mzinda wa Zomba, banja la Mmalawi ndi munthu wakunja silidabwitsa aliyense. Ena anamanga banja ndi a ku Mozambique, tsidya lija la nyanja ya Chilwa, kumene mitundu ndi zilankhulo n'zomwezi za kuno. Ena anadziwana ku Chanco, komwe kumabwera aphunzitsi ndi ochita kafukufuku a m'mayiko osiyanasiyana. Enanso anapita ku Joni ali okha n'kubwerako ali awiri. Ankhoswe akamaliza zawo, abusa kapena ashehe akadalitsa, pamatsala ofesi ina: nthambi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, imene tonse timangoti a Imigireshoni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka ofesiyi ikakana kupereka chilolezo chokhalira m'dziko.

Tinakwatirana mwalamulo, ntchatho tinadula. Ndiye akaniranji?

Chifukwa setifiketi ya ukwati si chilolezo chokhalira m'dziko. Ukwati umayendera lamulo la maukwati la 2015, pomwe kulowa ndi kukhala kwa mlendo kumayendera lamulo la Immigration Act la 1964, limene ndi la msinkhu umodzi ndi ufulu wodzilamulira wa dziko lino. Mlendo akalowera pa Chileka, pa Muloza kapena pa Nayuchi, amamudindira masiku ochezera, kawirikawiri 30, ndipo akhoza kuwonjezera mpaka 90. Wofuna kupitirira pamenepo ayenera kupempha chilolezo china: chokhala kwakanthawi, chogwirira ntchito, chochitira bizinesi, kapena chokhazikika, chimene ambiri amati PRP. Ukwati ndi Mmalawi umalimbitsa pempho, koma sukakamiza ofesala kuvomera.

Zifukwa zokanira zimakhala zosiyanasiyana. Mwina zikalata sizinakwane, monga kalata ya apolisi a kwawo yosonyeza kuti munthuyo alibe mlandu. Mwina akukayikira kuti ukwatiwo ndi wapapepala chabe. Mwina mlendoyo anapyola masiku amene anamudindira. Kwa abale athu a ku Mozambique vuto limakhala lina: munthu anaolokera pabwato kapena panjinga zaka zambiri zapitazo, walima, wabereka, ana akula, koma m'pasipoti mulibe chidindo, mwinanso pasipotiyo palibe. Zimakhala chete mpaka tsiku lofuna ntchito yolembedwa kapena akaunti ya ku banki.

Kalata yomwe atipatsa yangoti pempho lakanidwa, osanena chifukwa. Kodi zimatero?

Zimachitika, koma siziyenera kutero. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 limati munthu aliyense ali ndi ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata malamulo, mwa njira yachilungamo, ndipo ipereke zifukwa mochita kulemba pamene chiganizo chake chikukhudza ufulu kapena zofuna za munthuyo. Gawoli likunena za munthu aliyense, osati nzika zokha. Mlendo naye alimo.

Choncho chinthu choyamba si kuthamangira kwa loya, koma kulemba kalata yopempha zifukwa. Ikhale yaifupi: dzina, nambala ya fayilo, tsiku limene munapereka pempho, tsiku limene munalandira yankho, ndi pempho loti akupatseni zifukwa zolembedwa motsatira gawo 43. Pitani ndi makope awiri. Ina musiye, inayo aidinde ndi kulembapo tsiku, mubwere nayo kunyumba. Kachidindo kameneko, kofiirira kapena kabuluu, kopendekeka pangodya ya pepala, ndi kamene jaji adzayambe kuyang'ana. Zomwe ofesala anakuuzani pakamwa pawindo, ngakhale zikhale zomveka bwanji, kukhoti sizilemera.

Tikapita kukhoti, jaji adzatipatsa chilolezocho?

Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, ndiye tifotokoze mosabisa. Nthawi zambiri ayi. Mlandu wotere si apilo. Pa apilo, woweruza wapamwamba amaonanso nkhani yonse n'kunena yemwe akukhoza. Pano khoti silifunsa kuti kodi amuna anu ndi oyenera kukhala m'Malawi; limafunsa kuti kodi ofesala anafika bwanji pa chiganizo chake. Maloya amati judicial review, ndipo mphamvuyi ili m'gawo 108 la malamulo oyendetsera dziko, limene limalola bwalo lalikulu la High Court kuunika lamulo lililonse ndi chochita chilichonse cha boma. Khoti pamenepa lili ngati woyendera masikelo pamsika wa Mpondabwino: sauza wogulitsa mtengo wa nyemba, amangoona ngati sikelo sikuba.

Jaji amayang'ana zinthu zingapo. Kodi amene anakanayo anali ndi mphamvu yokana? Kodi anawerenga zimene munapereka, kapena anasiya zofunika n'kutengera zosafunika, monga dziko limene munthu akuchokera? Ngati panali chokayikitsa, mwachitsanzo wina anakanena kuti ukwati wanu ndi wabodza, kodi anakupatsani mpata woyankha? Kodi zifukwa zomwe walemba zikugwirizana ndi chiganizocho? Kodi panalibe kaduka kapena chinyengo? Ndipo pamwamba pa zonsezi, kodi anaganizira gawo 22, limene limati banja ndiye maziko a mtundu ndipo liyenera kutetezedwa ndi boma?

Akapeza cholakwa, jaji amafafaniza chiganizocho n'kubweza nkhaniyo ku ofesi yomweyo kuti ayiganizirenso moyenera. Akhoza kulamula kuti achite zimenezi m'masiku akutiakuti. Akhozanso kulengeza kuti ufulu wanu unaphwanyidwa. Koma cholembera chosainira chilolezo chimatsalabe m'manja mwa boma. Ena amaona ngati kumeneku n'kupambana kopanda ndiwo. Ine sindikuona choncho. Ofesala amene chiganizo chake chafafanizidwa kamodzi, ndipo akudziwa kuti jaji adzawerenganso zimene alembe, amawerenga fayilo mosiyana ndi poyamba.

Tisaiwalenso kuti boma lili ndi mbali yake. Dziko lililonse limasankha alendo olowa, ndipo gawo 44 limalola kuchepetsa ufulu wina ngati lamulo likutero ndipo pali chifukwa chomveka. Munthu amene anapezeka ndi mlandu waukulu kapena anapereka zikalata zachinyengo sangabisale kumbuyo kwa ukwati.

Wokanidwa ndi mwamuna wanga, ndipo panopa ali kunja. Ine Mmalawi ndingasume m'dzina langa?

Mungathe, mayi. Gawo 15 limalola aliyense amene nkhani ya ufulu ikumukhudza mokwanira kupempha thandizo la makhoti. Funso lomweli linafika ku High Court ku Blantyre pa mlandu umene unatsegulidwa mu 1997, wodziwika kuti Okeke v Minister of Home Affairs. Mayi wachimalawi anasuma mwamuna wake wa ku Nigeria atabwezedwa ndi a Imigireshoni. Khotilo linaona kuti nkhaniyo ikumukhudza mayiyo mwini wake, popeza ufulu wokhala ndi banja ndi wake, ndipo ukwati umene mwamuna saloledwa kuponda pakhomo watsala dzina lokha. Mlandu wanu, tsono, suyenera kuima pa ufulu wa mlendo wokha. Uyime pa ufulu wanu ngati nzika, ndi wa ana ngati alipo, popeza gawo 23 limati ana ali ndi ufulu wodziwa makolo awo ndi kuleredwa nawo.

Anthu amati mwamuna akabweretsa mkazi wakunja zimaphweka, koma mkazi akabweretsa mwamuna zimavuta. N'zoona?

Mbiri ikuvomereza. Malamulo amene mayiko athu anatengera kwa atsamunda ankaganiza kuti mkazi amatsata mwamuna. Lamulo lathu la unzika la 1966 linali ndi gawo loti mkazi wachimalawi amene wapeza unzika wina chifukwa cha ukwati amataya wa Malawi pakatha chaka, pokhapokha atakana winawo. Kwa munthu wa ku Zomba maganizo amenewa ndi achilendo kwenikweni. Kuno n'kwa chikamwini. Kwa Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, mwamuna ndiye amasamuka, n'kukamanga nyumba pamudzi pa mkazi, n'kulima munda wa kuchikazi. Mayi wa ku Sadzi amene akuuzidwa kuti ngati akufuna banja atsatire mwamuna kwawo, akuuzidwa zinthu zimene agogo ake sanazimvepo.

Amayi a m'mayiko ena analimbana nazo m'makhoti, ndipo mmodzi mwa oyamba anali wobadwira kuno. Mu 1985 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya, ku Strasbourg, linaweruza mlandu wa Abdulaziz, Cabales ndi Balkandali. Woyamba pa atatuwo anali mayi wachimwenye wobadwira m'Malawi, amene ankakhala mwalamulo ku Britain koma mwamuna wake anakanizidwa kukhala naye. Khotilo linapeza kuti Britain ikusala amayi, chifukwa amuna ankaloledwa kubweretsa akazi awo mosavuta. Ku Botswana, Unity Dow, wokwatiwa ndi mwamuna wa ku America, anapambana mu 1992 pa mlandu wa unzika wa ana ake. Pambuyo pake iye mwini anadzakhala jaji. Ku Zimbabwe, mu 1994, khoti la Supreme motsogozedwa ndi Anthony Gubbay linagamula pa mlandu wa Rattigan kuti kukaniza mwamuna wakunja n'kuphwanya ufulu wa mkazi wokhala m'dziko lake.

Koma taonani zimene maboma anachita atagonja.  Britain inalimbitsa malamulo kwa akazi akunja kuti onse avutike mofanana. Zimbabwe inasintha malamulo oyendetsera dziko mu 1996 pofuna kufooketsa chigamulo cha Rattigan. Kuno kwathu gawo 20 limaletsa tsankho, gawo 24 limateteza unzika wa amayi, ndipo mu Disembala 2018 nyumba ya malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri. Papepala tapita patsogolo. Ngati kalata yokana, kapena mafunso amene munafunsidwa, akusonyeza maganizo akuti mkazi azitsata mwamuna, loya wanu asaisiye mfundo imeneyo.

Tili ndi nthawi yaitali bwanji, ndipo tikasume kuti?

Miyezi itatu kuchokera tsiku la chiganizo, ndipo malamulo a High Court a 2017 amati muchite msanga, osadikira kuti miyeziyo ithe. Khoti likhoza kuwonjezera nthawi, koma pakhale chifukwa chogwira mtima. Milandu yambiri yabwino imafera pamenepa. Banja limatha miyezi likuyenda pakati pa Zomba ndi Blantyre, lero bwana kulibe, mawa netiweki yavuta, mkuja bwerani sabata yamawa, ndipo pofika kwa loya nthawi yadutsa. Kudandaula ku ofesi n'koyenera, ndipo jaji adzafunsa ngati munayesa njira zina musanabwere kwa iye. Koma yesani mochita kulemba, diso lili pakalendala.

Khoti la majisitireti silimva milandu yotere. Mwayi wa anthu a ku Sadzi ndi woti High Court ili ndi nthambi yake mu Zomba momwemuno, ulendo wa kabaza. Mlandu umayenda pawiri. Poyamba mumapempha chilolezo choti mlandu umvedwe. Jaji amawerenga kalata yanu yolumbira ndi zikalata zomatidwa kumbuyo kwake, n'kuona ngati pali nkhani yoyenera kuyankhidwa. Akavomera, a boma amapatsidwa mapepala kuti ayankhe, kenaka tsiku lomva mlandu. Mboni zoimirira m'bokosi sizichitikachitika. Pafupifupi zonse zimathera pamapepala, n'chifukwa chake mapepala anu ayenera kukhala aukhondo.

Nanga akamuthamangitsa mlandu usanathe?

Kusuma pakokha sikuimitsa a Imigireshoni. Loya ayenera kupempha chiletso nthawi yomweyo imene akupempha chilolezo cha mlandu, ndipo pa nkhani yachangu jaji akhoza kumva pempholo tsiku lomwelo. Munthu akakwera kale ndege, kumubweza n'kovuta kuposa kumuletsa kukwera. Ngati masiku a m'pasipoti akadalipo, awonjezereni asanathe.

Sanakane, sanavomere. Chaka chatha tikungouzidwa kuti fayilo ili m'kati.

Kukhala chete nakonso kumaunikidwa. Malamulo a 2017 aja amatchula kulephera kuchita ntchito ngati chinthu chimene khoti lingaone, ndipo jaji akhoza kulamula ofesi kuti ipereke yankho. Sungani lisiti ya ndalama zimene munalipira ndi kalata iliyonse yokumbutsa. Pa kuchedwa kotere ofesi ya Ombudsman imathandizanso, ndipo siilipiritsa.

Ifeyo tinangochita chinkhoswe. Ena anangolowana. Kodi umenewo ndi ukwati pamaso pa khoti?

Gawo 22 limazindikira maukwati onse: a ku boma, a mwambo, ndiponso a anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja. Lamulo la 2015 limatchulanso a kutchalitchi ndi kumzikiti. Ukwati wa chinkhoswe ndi ukwati wathunthu. Vuto lake ndi umboni, chifukwa ofesala wa ku Blantyre sanadye nawo nkhuku ya ankhoswe. Ukwati wongolowana uli ndi chipata china: lamulo limati khoti ndilo liyenera kugamula kuti ndi ukwati, ndipo awiriwo akhale atakhala limodzi zaka zosachepera zisanu. Limayang'ananso ngati amathandizana pa ndalama, ngati ali ndi katundu wapamodzi, ngati akulera ana, ndi momwe anthu a m'deralo amawaonera.

Umboni wabwino ndi wa tsiku ndi tsiku. Kalata ya a mfumu. Makalata olumbira a ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Kabuku ka kusikelo ka mwana, kaja kakutha m'makona, kolembedwa dzina la bambo. Setifiketi yobadwira. Malisiti a lendi, a madzi, a fizi. Mndandanda wa ndalama zotumizirana pa Airtel Money kapena Mpamba. Zithunzi za zaka zosiyanasiyana, osati za tsiku limodzi mutavala zofanana.

Ndipo mfundo iyi muigwire: zonsezi ziperekedwe pamodzi ndi pempho loyamba, osazisungira khoti. Jaji amayeza chiganizo cha ofesala potengera zimene ofesalayo anali nazo patebulo. Simungamudzudzule kuti sanawerenge kalata imene simunamupatse. Ngati fayilo yanu inali yoonda, nthawi zina n'kwanzeru kupemphanso mwatsopano ndi zikalata zokwana kusiyana n'kuwononga ndalama kukhoti.

Mwana wathu ndiye wakanidwa ku Joni, komwe anakwatira. Kumeneko zimayenda bwanji?

Ku South Africa masiku ndi ochepa kwambiri. Lamulo lawo la 2002 limapatsa wokanidwa masiku 10 ogwira ntchito kuti adandaule kwa mkulu wa Home Affairs, ndipo akakanidwanso, masiku ena 10 kuti adandaule kwa nduna. Akatha njira zimenezi m'pamene amapita ku High Court, pasanathe masiku 180. Makhoti a kumeneko anenapo zambiri. Pa mlandu wa Dawood mu 2000, jaji Kate O'Regan analemba kuti kulekanitsa okwatirana kumakhudza ulemu wa umunthu wawo. Pa mlandu wa Nandutu mu 2019, khoti lomwelo la Constitutional Court linagamula kuti mlendo wokwatirana ndi nzika kapena wokhazikika kumeneko asakakamizidwe kubwerera kwawo kuti akapemphere chilolezo china. Chilolezo chokhazikika chodzera mu ukwati chimafuna zaka zisanu za banja. Chimene chimagwetsa Amalawi ambiri ndi kupyola masiku 30 ochezera, chifukwa potuluka amadindidwa kuti ndi osafunika ndipo amaletsedwa kubwerera kwa nthawi.

Ngati ndi ku Britain, nkhani yaikulu ndi ndalama. Kuyambira mu 2012 woitana mkazi kapena mwamuna wake ankayenera kumalandira mapaundi 18,600 pachaka, ndipo mu Epulo 2024 anakweza kufika 29,000. Kumeneko wokanidwa amachita apilo yeniyeni ku bwalo la First-tier Tribunal, m'masiku 28 ngati ali kunja kwa dzikolo, ndipo bwalolo limamva umboni watsopano. Khoti la ku Zomba lilibe mphamvu pa chiganizo cha dziko la eni. Mlandu umakasumidwa komweko.

Loya tilibe, ndalama n'zochepa. Wina wati atithandiza kudzera kwa mnzake wa m'kati.

Musamupatse ngakhale tambala. Madobadoba amalonjeza chidindo, ndipo nthawi zina amabweretsadi, koma chidindo chosalembedwa m'mabuku a ofesi chimadzagwidwa pachipata, ndipo pamenepo nkhani yasanduka mlandu wa chinyengo. Jaji amene akanakumverani chisoni sangakuthandizeninso, chifukwa wopempha khoti kuti liunike boma ayenera kunena zoona zonse, ngakhale zomuipira.

Pitani ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi mu Zomba. Amayamba aona mapezedwe anu ndi kulimba kwa nkhani yanu. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandiranso madandaulo. Ngati mwapeza loya wolipira, mufunseni mafunso atatu musanatulutse ndalama: kodi nthawi ikadalipo, cholakwa cha ofesala n'chiti kwenikweni, ndipo tikagonja tidzalipira ndalama za mbali inayo? Funso lachitatuli ambiri amachita nalo manyazi, chonsecho wogonja akhoza kulamulidwa kulipira.

Tikapambana, iwo n'kukananso kachiwiri?

Zikhoza kutheka, ndipo si nthawi zonse pamene kumakhala kunyoza khoti. Ngati aganiziranso moona, akumvani, n'kupereka zifukwa zatsopano zomveka, chiganizo chachiwiricho chimaima pachokha, ndipo kuchitsutsa kumafuna mlandu wina, ndi miyezi itatu ina yowerengera kuyambira tsiku lake. Koma akangobwereza zifukwa zomwe jaji anazikana kale, kapena akanyalanyaza masiku amene anapatsidwa, loya wanu abwerere kwa jaji yemweyo ndi pempho loti akuluakulu a ofesiyo ayankhe mlandu wonyoza khoti. Mukagonja ndinu, njira ya apilo ku Supreme Court of Appeal ilipo, ndipo nayo ili ndi masiku ake, choncho funsani loya tsiku lomwelo la chigamulo.